Ngongole yanga kwa ana a Sitandade 2

Achemwali anga amaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina cha ku Namitambo, m'boma la Chiradzulu. M'kalasi mwawo muli ana opitirira 90, ndipo buku limodzi amalimbirana ana anayi. Loweruka lina ndidakwera minibasi ku Limbe kukawazonda, m'thumba muli kapepala komwe ndidalembapo masamba a pa intaneti othandiza aphunzitsi. Ndinkayenda monyang'wa ngati mlenje wasenza gwape.

Titatha kudya nsima ya nandolo, ndidayamba kulakatula. Khan Academy, masamu ndi sayansi pakanema, mwaulere. TESSA, yochokera ku Open University ya ku Britain, yolangiza aphunzitsi a mu Africa kaphunzitsidwe ka kalasi yodzadza. Notesmaster, yomwe ana ena a sekondale adaidziwa mu 2020 sukulu zitatsekedwa kaamba ka Covid-19.

"Zonsezo n'zabwino, achimwene," adatero akusamba m'manja. "Koma kanema mmodzi amamaliza bandulo ya ndalama ya ndiwo. Nanga mwana wa zaka 7, yemwe 'ba' ndi 'da' zikumusokonezabe, Chingerezi cha ku America achimva?"

Apo adatulutsa foni yawo yong'aluka galasi, yomwe amakatchajitsa pagolosale poti kunyumba kulibe magetsi. Adandionetsa African Storybook, tsamba lomwe bungwe la Saide la ku South Africa lidatsegula mu 2014. Muli timabuku tazithunzi m'zilankhulo zambirimbiri za mu Africa, chathuchi chili momwemo. Ukatsitsa kamodzi basi, uziwerenga popanda intaneti, ndipo eni ake amalola kukopera, kumasulira ngakhale kusintha.

Tsono onani ntchito yake. Foni ndi imodzi, maso ndi 180. Achemwali amatsitsa nthano usiku, n'kuikopera ndi maka pamakatoni opempha kugolosale konkuja, chiganizo chimodzi katoni imodzi, zilembo zikuluzikulu zoti wakumbuyo aone. Zithunzi amajambula okha. Mbuzi yawo imafanana ndi galu, koma ana adaizolowera. M'mawa makatoniwo amawayanika pachingwe m'kalasi ngati zochapa. Akuti ku koleji ankazitcha talula, kuphunzitsa ndi zomwe zili pafupi. Nthano ikawayendera bwino amaiponya pagulu la WhatsApp la aphunzitsi a m'zoni mwawo, ena kutali n'kuyamba kusaka makatoni awo.

Ndidakumbuka ife tikulemba pamchenga pansi pa mtengo wa mango, patangopita zaka zochepa boma litachotsa fizi ya pulayimale mu 1994, ana n'kusefukira m'sukulu. Aphunzitsi athu akadakhala ndi kafoni kotereka! Ndidayamba kuyamikira, mawu akubwera okha monga mwa ntchito yanga.

"Dikirani kaye," adandidula. "Za Chichewa zoyenera ana angawa ndidazimaliza teremu isanathe. Patsambapa aliyense akhoza kulemba nthano yake n'kuikapo. Inu alakatuli, amene mumatisokosa pawailesi, mwaikapo zingati?"

Abale, malovu adauma. Ndalemba za ndale, za chikondi, za maliro a anthu otchuka. Ya mwana wongoyamba kuwerenga, olo imodzi. Ndidayesa kudziteteza kuti zoterezi sizilipira, munthu wa maganyu a nyuzipepala ngati ine lendi imandidikira.

"Nanga ine ya bandulo amandibwezera ndani?"

Sadakweze mawu. Adangotembenuza kapepala kanga kaja n'kulemba kuseri kwake maphatikizo omwe ana awo aphunzira kufika pano. Nthano ikhale ya ziganizo 12, isatuluke m'maphatikizo amenewo, ndipo ichitikire pafupi, kaya m'phiri la Chiradzulu, kaya pamsika, malo oti mwana akamva aloze ndi chala.

Ndidaseka, ndimvekere mawa lomwe ndikutumizirani. Lero ndi sabata yachitatu. Ndili ndi ziganizo zisanu, ndipo chachinayi chili ndi "nkhw" yemwe ana sadafikepo. Dzulo usiku achemwali andifulasha kawiri.