Mzere sudzitcha wokha dzina

Ntchito yanga ndi yophunzitsa makwaya m'matauni a migodi muno m'chigawo cha Midlands, ku Kwekwe, Shurugwi ndi Zvishavane, komwe zidzukulu za anthu ochokera ku Nyasaland zikuimbabe m'Chichewa. Mfundo imene ndimaumirira ndi yakuti woimba asanaloweze noti iliyonse, ayambe wadziwa kachizindikiro kokhala kumayambiriro kwa mizere isanu, kotchedwa clef. Mizereyo payokha ilibe mayina. Clef imasankha mzere umodzi n'kuutcha dzina, kenako ina yonse imadziwika powerengera kuchokera pamenepo. Clef ya G imapiringizika pa mzere wachiwiri kuchokera pansi, motero mizere imakhala E, G, B, D, F. Clef ya F ili ndi timadontho tiwiri tokumbatira mzere wachinayi, ndipo mizere yake ndi G, B, D, F, A. Ndiye kuti noti ya pa mzere wachiwiri, kwa asopulano ndi G, koma kwa abesi ndi B wotsika kwambiri. Wosayang'ana clef amasokoneza kwaya yonse ali wotsimikiza kuti akulondola.

Akuluakulu ena amati solofa ikukwanira, poti ndi imene makolo athu anaphunzira kwa amishoni kuchokera ku njira yomwe John Curwen anafalitsa m'zaka za m'ma 1800. Sindiinyoza, imanola khutu bwino zedi. Komatu doh amasuntha malinga ndi nyimbo, pomwe G wa pa kiyibodi ali pamodzimodzi lero ndi mawa, ndipo mwana wofuna kuimba kiyibodi kapena lipenga adzakumana ndi mizere basi. Ena amafunsa chifukwa chokhalira ndi ma clef awiri. Yankho lili m'mawu athu omwe: kuchokera kwa abesi kufika kwa asopulano ndi mtunda woti mizere isanu singaukwanitse. Mukalemba abesi pa clef ya G, manotsi amalendewera pansi pa timizere towonjezera tambirimbiri, diso n'kutopa. Ma clef awiriwa amakumana pa C wapakati, kamzere kamodzi pansi pa mizere ya asopulano, kamodzi pamwamba pa ya abesi. Atenala nthawi zambiri amawerenga clef ya G yokhala ndi 8 pansi pake, kusonyeza kuti aimbe okitevu imodzi mmunsi.

Aphunzitsi anzanga, poyeserera nyimbo sabata ino jambulani mizere isanu pa bolodi, muike noti imodzi, musinthe clef, kenaka mufunse oimba dzina lake.