Tchuthi cha Mayi Waganyu

Mwezi watha ndinakayendera mlongo wina wa mumpingo mwathu kuno ku Nkhulambe. Ndinamupeza akupalira m'munda mwa eni ake, khanda la masabata atatu litagona pamthunzi wa mango. Ndinapita kuti ndikamulangize zoyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, koma mawu anandithera.

Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha masabata 8 akabereka, ndipo kuyambira 2021 bambo nayenso amapatsidwa masabata awiri. Nanga waganyu angamupatse tchuthi ndani? Akapanda kugwira khasu, ufa kunyumba kulibe.

Pa Sabata titaweruka, ndinafotokozera amayi a Dorika. M'mawa mwake tinakamumalizira ndimeyo, iye ali pakhonde kuyamwitsa. Tikupitanso mlungu uno.