Miyezi 60 ya Munthu wa Pisiweki

Ife amene timasewenza masiku atatu pa sabata, kaya m'shopu, pa bala kapena pomanga nyumba, tidziwa kuti nchito yathu imasila popanda cenjezo. Ikasila, kuno ku Zambia kulibe ndalama ya boma imene munthu amalandila mwezi ndi mwezi kamba kakuti ali pa ulova.

Ku South Africa kuli thumba la UIF. Wanchito amaikamo 1% ya malipilo ake, abwana naonso 1%. Ngakhale wosewenza masiku ocepa amalowamo, malinga akwanitsa maola 24 pa mwezi kwa bwana mmodzi. Akamucotsa nchito, masiku anai alionse amene anasewenza amamupatsa tsiku limodzi la thandizo, mpaka masiku 365. Wosiya yekha nchito salandila.

Kuno cimene tili naco ndi NAPSA, ndipo ndi ya penshoni: 5% yathu, 5% ya abwana. Mu 2023 lamulo linasintha. Manje munthu angatapeko 20% ya zimene anasonkha, kamodzi cabe, ngati wasonkha miyezi 60 kapena wafika zaka 45. Ambili a ife zaka 45 zikali kutali, conco khomo lathu ndi la miyezi 60.

Kwa wa mu ofesi, izi ndi zaka zisanu cabe. Kwa ife ndi miyezi itatu apa, iwili apo, pakati kukhala pa nyumba. Ndipo mwezi umawelengedwa pokhapo ngati ndalama inafika ku NAPSA. Abwana akatipatsa zonse m'manja, timasekelela kuti sanatidule, koma mwezi umenewo wapita mahala.

Pa malipilo a K2,000 amadula K100. Imawawa, ndi ya basi imeneyo. Koma tikaikana, tataya na K100 ina imene abwana anafunika kutiikilako.

Tiyeni tizifunsa tisanayambe nchito: kodi mudzatilembetsa ku NAPSA? Nambala yathu ndi imodzi kulikonse kumene tisewenza, conco miyezi ya kwa mabwana osiyanasiyana imaphatikizidwa. Tiziyang'ananso ku NAPSA ngati zimene anatidula zinafikadi.

Kufunsa kumayofya cifukwa pa geti pali ena khumi ofuna malo athu. Nkwapafupi tikafunsa tonse pamodzi, tsiku limodzi, kusiyana ndi mmodzi yekha amene angauzidwe kuti mawa asabwele.