Mseu ni wathu tonse, koma asonkhe ndani?

Chipata ili pakati pa mapiri, ndipo aliyense amene wakhalako ku Kapata, Mchini, Nabvutika kapena Magazine adziwa cimene mapiriwo amacita mvula ikayamba. Madzi amatsika ndi mphamvu, sapempha njira. Amalowa mu mseu wa dothi, kuukumba pakati, n'kusiya ngalande yakuti ngakhale wa njinga amatsika n'kuyamba kukankha. Tinakhala mzinda mu February 2017, koma matope a m'makomboni sanamveko nkhani imeneyo.

Kwathu, mu kamseu kamene ndimacita lendi, caka cino akuluakulu anati basi, tatopa kuyembekeza. Anagwirizana kuti nyumba iliyonse isonkhe K300, tigule malole a gravel ndi kuika kalavati pomwe madzi amadula mseu. Zinamveka bwino. Koma pepala la maina litayamba kuzungulira, mkangano unabuka, ndipo amene anakana kwambiri si ife a lendi ayi. Anali eni nyumba.

Amai ena acikulire, amasiye, amene ali ndi nyumba yawo ndi tuzipinda tuwiri twa lendi kumbuyo, anakamba mosabisa pa msonkhano. "Ana anga, ine ma rates nilipira. Manje mufuna nilipire kawiri pa mseu umodzi? Motoka nilibe. Amene aononga mseu ni aja a ma Canter onyamula mcenga." Anthu ena anaseka, koma ine sindinaseke. Amaiwo sanali kunama.

Taonani mmene ndalama ya mseu imatulukira kale m'thumba mwathu. Mwini nyumba amene ali pa buku la khonsolo amalipira ma rates. Wogula petulo kapena dizilo amalipira fuel levy pa lita iliyonse, ndipo wa basi amaiika mu mtengo wa tikiti, so ngakhale iwe wopanda motoka ulipira ndithu. Ukapita ku Lusaka pa Great East Road pali ma toll gate. Pamwamba pa izi pali CDF, imene inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yakhala ikukwerabe. Munthu akamva manambala otere pa wailesi, kenako mnyamata afika pakhomo ndi kabuku ati "K300 ya gravel", mtima umauma. Si umbombo. Ni funso labwino cabe.

Koma mbali inanso ndimaimva m'mafupa, cifukwa ndine amene ndimanyamuka 05:30 kupita ku nchito. Mseu ukaonongeka, wa njinga yamoto amakweza mtengo kapena kukusiya kutali, ati "mkati simuloweka, bwana". Taxi usiku siibwera. Mlongo wina wa pa nyumba yacitatu ali ndi pakati, ndipo amuna ake awerenga kale masiku: mwana adzabwera mu January, mvula ili pakati. Kwa iwo K300 si nkhani ya malamulo. Ni funso lakuti motoka idzafika pa geti kapena adzam'nyamula pamanja mpaka ku tara.

Cimene cimandiwawa ine ni kawerengedwe. Nyumba iliyonse K300, ati kuti tifanane. Tifanane bwanji? Pali abwana ali ndi mpanda wa njerwa, motoka zitatu ndi thanki ya madzi, ndiye pali agogo amene amadya za tomato wa pa thebulo. Mtengo umodzi kwa onse awiri ni cilungamo ca pa pepala cabe. Ndipo tisanamizane, mseu ukakhala bwino, amene apindula kawiri ni mwini nyumba. Plot yake ikwera mtengo, ndipo mwezi wotsatira adzagogoda pa citseko canga: "Mwaona mseu wakonzeka, lendi tiikako pang'ono." Alandilodi anga anayesa kale kunena kuti K300 ija tigawane ife a lendi. Ndinawafunsa mwaulemu kuti, "Atate, nikasamuka, gawo langa la mseu nizanyamula?" Anangoseka. Koma sanabwezenso nkhaniyo.

Palinso mantha ena amene amai aja anachula: tikakonza tokha, mseu wathu udzaoneka ngati ulibe vuto, ndipo pa mndandanda udzapita pansi. Pamenepo m'pamene ndiona kuti tinalumpha sitepe. Mu wadi iliyonse muli Ward Development Committee, ndipo mapempho a CDF amayambira kumeneko. Pa msonkhano wathu, wa anthu odzaza bwalo, amene anakwezako dzanja kuti anapitapo ku msonkhano wa wadi anali awiri okha. Timadziwa kudandaula pa shopu ya pakona, koma kulemba pempho, kusainitsa anthu ndi kulondola, ulesi.

Ine ndasonkha, koma theka, ndipo ndinanena poyera kuti theka linalo ni la alandilodi. Ndinapemphanso zinthu ziwiri: kuti a motoka aonjezeko, ndi kuti buku la ndalama liziwerengedwa pamaso pa onse, lisiti ndi lisiti. A ma Canter sanayankhebe. Gravel wafika malole awiri, kalavati ikalibe, ndipo kalata ya ku wadi ili ndi maina 41. Amai amasiye aja ndalama sanapereke, koma pa kalatayo ndiwo anayamba kusaina.