Penti ya pakhoma siyenda pa nsapato

Achinyamata akaona masinika amene ndajambula, funso lawo limakhala limodzi: penti yake mumagula kuti? Palibe amafunsa za thonje. Chonsecho pa zipangizo zonse zili m'katoni yanga, thonje ndi asetoni ndi zomwe zandisungira makasitomala zaka zonsezi.

Nsapato yachikopa imachoka ku fakitale itapakidwa mankhwala owala pamwamba, oteteza chikopa ku madzi ndi litsiro. Penti sigwira pa mankhwalawo. Ndiye ndikagula nsapato pa kaunjika ku msika wa Tsoka ku Lilongwe, ndimayamba ndachotsa zingwe, kuitsuka ndi sopo ndi mswachi wakutha, ikauma n'kuipukuta ndi thonje loviika mu asetoni mpaka kuwala kuja kutazima. Asetoni amapezeka m'mankhwala ena amene amayi amachotsera utoto wa zikhadabo, koma muziwerenga botolo, chifukwa ena mulibe. Komanso muyambe mwayesa pamalo obisika. Nsapato zambiri zooneka ngati zachikopa ndi zapulasitiki, ndipo asetoni amazisungunula inu mukuona. Ikakhala ya kasitomala, mulipira ndinu.

Tsopano penti ija. Ine ndimagwiritsa ntchito ya Angelus, yochokera ku California, yopangidwira chikopa. Ndi ya akiriliki, ndipo ikauma imapindika limodzi ndi nsapato. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Munthu akamayenda, nsapato imapinda pamwamba pa zala phazi lililonse akaponda. Penti ya pakhoma kapena ya zitseko ikauma imalimba gwa, ndiye sabata isanathe yang'aluka ngati dambo la mwezi wa Okutobala. Ndawaonapo anyamata akugulitsa ntchito yotere motchipa, ndipo ndimamvetsa, ndalama yavuta. Koma kasitomala akapsa kamodzi amauza anzake kuti nsapato zojambula n'zabodza, ndipo tonse msika watithera.

Kabotolo kake n'kakang'ono, mamililita osakwana 30. Kwa ine kamabwera ndi mlamu wanga amene amayenda pa basi ku Johannesburg, ndipo ulendo uliwonse mtengo umakhala wasintha. N'chifukwa chake sindigula mitundu yambiri. Yoyera, yakuda, yofiira, yachikasu ndi yabuluu basi. Ina yonse ndimasakaniza ndekha pa chivindikiro cha chigubu. Yoyera ndiyo imatha msanga, poti pa nsapato yakuda chikasu sichioneka usanayale yoyera pansi.

Popaka sipafunika phuma. Ndimapaka mopyapyala kanayi kapena kasanu, n'kumadikira kuti iume ndisanabwereze. Woyamba kumene akaona kuti chikopa chikuonekerabe amathira yambiri kuti athane nazo, ndipo yokhuthalayo ndi imene imasweka. Choumitsira tsitsi cha mkazi wanga chimathandiza magetsi akakhalapo. Akathima ndimangodikira, makamaka nthawi ya dzinja pomwe penti imachedwa kuuma. Padzuwa sindiyanika, fumbi la ku Area 25 kuno likamatirira pa penti yaiwisi silichokanso.

Maburashi ndili nawo atatu: yaphwatalala yodzazira malo aakulu, yapakati, ndi kosongoka ngati singano kolembera mayina. Ndimawatsuka penti isanaume, apo ayi mawa lake asanduka mitengo. Tepi yapepala ndimamata m'mbali mwa soli, n'kudula ndi lezala kuti mzere uwongoke. Pomaliza pamabwera mankhwala otetezera penti, owala kapena osawala malinga ndi kukonda kwa mwini.

Nsapato yansalu, ngati Converse All Star, ili ndi malamulo ake. Asetoni safunika. Penti timaisakaniza ndi mankhwala ofewetsa kuti nsalu isaume ngati chikumba, kenako timaiwotcha ndi mpweya wotentha kuti igwire. Koma imene ndimaikonda ndi Air Force 1 yoyera ya Nike, yomwe inatuluka koyamba mu 1982. Mbali zake n'zotakata ndipo misoko inagawa kale malo, moti ngakhale mapatani a chitenje amakhalapo bwino. Mtsikana wina anabwera ndi kansalu ka chitenje cha chinkhoswe chake kuti ndikopere pa nsapato za iye ndi bwenzi lake. Inanditengera masiku anayi.

Pali ntchito imodzi imene ndimakana ngakhale munthu awonjezere ndalama: kupenta soli. Labala sagwira penti kwa nthawi yaitali, ndipo pamsewu wafumbi wopita kokwerera minibasi imayamba kusupuka msanga. Dzulo lomweli mnyamata wina wachoka atakwiya, akuti apita kwa wina amene amapenta soli yomwe. Ndinamulozera njira.