Pa Njinga Pakati pa Maluwa a ku Nagasaki

Abale anga, ndakhala pa cishalo ca njinga zaka zoposa 30, kuyendera machalichi a kumidzi mumcenga ndi m'matope, katekisimu atamangidwa ndi mphira kumbuyo. Koma sindinalotepo kuti ndidzapalasa njinga m'dziko la Japan, mwana wanga wamkazi ali patsogolo, ine ndikulondola pambuyo ngati mwana wa sukulu.

Kunali kumapeto kwa Malichi 2023, Lenti ili pafupi kutha. Mwanayo anali kuphunzira za matenda a m'maiko otentha pa yunivesite ya ku Nagasaki, ndipo ndiye anandiitana. Cifukwa cake ndinacidziwa ngakhale iye sanachule. Amai ake anali atatisiya caka ca 2022, ndipo abale anamnong'oneza kuti atate ako sali bwino. Sananame. Ine amene ndatsogolera mapemphero pa maliro osawerengeka, korona ndinali nditaleka kugwira. Pa Sondo ndinali kuphunzitsa ndithu, koma ndi pakamwa pokha. Dimba la malemuwo ndinalisiya kuti limere chire.

"Atate, mawa tikaone sakura," anatero madzulo ena.

Sakura ndi mtengo umene Ajapani amaukonda koposa mitengo yonse. Umacita maluwa nyengo yozizira ikangotha, masamba asanaphuke, monga acitira majakaranda a mu Lusaka mwezi wa Seputembala, koma maluwa ake ndi oyera, ofiirira pang'ono. Sakhalitsa: sabata imodzi kapena masiku khumi, mphepo yawayoyola. Pa wailesi amalengeza kumene maluwa afika, monga ife timamvetsera za mvula, ndipo mabanja amayala pansi pa mitengoyo nadyera pomwepo, mwambo umene amaucha hanami. Ndinafunsa ngati zipatso zake zimadyedwa. Mwana anaseka, nati iyai. Mumtima ndinati, anthu anzeru zopanga magalimoto awa, nkumachingamira mtengo wosadyetsa munthu!

Nagasaki ndi mzinda wa zitunda ndi makwerero, kotero eni ake sakonda njinga. Ambiri amakwera tisitima toyenda mumseu. Ife tinabwereka njinga ziwiri za dengu kutsogolo, titapangana kutsata cigwa. Cinandithandiza ncakuti amayenda kumanzere monga kwathu kuno.

Tinayamba ndi kaphiri ka Nishizaka, pafupi ndi siteshoni ya sitima, pamene Paulo Miki ndi anzake 25 anapacikidwa pa mitanda pa 5 Febuluwale 1597. Wamng'ono mwa onse, Louis Ibaraki, anali wa zaka 12, ndipo ndinakumbukira Kizito wa ku Uganda. Sitinakhalitsepo. Tinalunjika kumpoto, ku Urakami, ulendo wa makilomita atatu kapena kupitirira pang'ono.

Dzina la Urakami liyenera kudziwika kwa katekisiti aliyense. Cikristu citaletsedwa m'dzikomo, anthu a kumeneku anakhala zaka pafupifupi 250 opanda wansembe ndi mmodzi yemwe. Anasankhana okha: wina wosunga kalendala ya masiku oyera, wina wobatiza ana, ena ofikitsa uthenga khomo ndi khomo. Caka ndi caka boma linali kuwakakamiza kuponda cithunzi ca Yesu kapena ca Maria, iwo nakalira kunyumba kupempha cikhululukiro. Pa 17 Malichi 1865 gulu la anthu a ku Urakami linapita ku chalichi ca Oura, cimene cinamangidwira alendo a ku France, nakadziulula kwa Bambo Bernard Petitjean. Ife timadandaula Abambo akapanda kufika miyezi itatu cifukwa ca mtsinje wodzala.

Adzukulu a anthu amenewa anamanga chalichi cacikulu ca njerwa pamalo pomwe makolo ao anali kupondera zithunzi zija. Ndipo pa 9 Ogasiti 1945, nthawi ya 11:02 m'mawa, bomba la atomiki linaphulika mamita 500 okha kucokera pa chalichico. Mwa Akatolika 12,000 a ku Urakami, pafupifupi 8,500 anafa.

Pamalo pamene bomba linaphulikira lero pali paki, ndipo tinapeza sakura atacita kuti mbuu. Ana anali kuthamangitsana, amai akumasula zakudya. Ndinaimika njinga, mtima utandiwawa. Ndinauza mwana wanga kuti kwathu sitidyera pamanda. Iye sanatsutse. Anangoti, "Tiyeni, Atate, pali nyumba ina ndifuna mukaione."

Tinapitirira chalichi ca Urakami, cimene cinamangidwanso mu 1959, nkukankha njinga pa kamtunda. Nyumbayo ndi kakhumbi ka matabwa, kocepa kuposa nkhokwe ya munthu wolima bwino, koti munthu mmodzi agone, wina akhale pambali. Dzina lake ndi Nyokodo, locokera pa lamulo lija la kukonda mnzako. M'menemo munali kugona Takashi Nagai, dotolo wojambula odwala ndi makina a X-ray, amene anabatizidwa mu 1934 nalandira dzina la Paulo. Mkazi wake Midori anali wa mbumba ya osunga kalendala aja. Bomba lisanagwe nkomwe, Nagai anali atauzidwa kuti ali ndi khansa ya m'magazi, ndipo onse awiri anali kuyembekeza kuti woyamba kupita ndi mwamuna. Sizinatero. Atatha masiku awiri akuthandiza ovulala, iye mwini ali ndi bala kumutu, anabwerera kunyumba napeza phulusa, mafupa a mkazi wake, ndi korona yosungunuka pambali pake. Mafupawo anawatolera m'ndowa.

Mbiri inali itawanda kuti pamalopo sipadzamera kanthu zaka 70. Mu 1948 Nagai, ali cigonere, analandira mphotho ya ndalama. Anali ndi ana awiri amene anadziwa kuti awasiya amasiye posacedwa. Ndalamazo anagulira mbande za sakura 1,000, nazibzalitsa pa chalichi, pa masukulu ndi m'mbali mwa miseu ya Urakami. Anamwalira pa 1 Meyi 1951 ali ndi zaka 43, mitengoyo ikali yaing'ono. Yambiri inakalamba nilowedwa m'malo ndi ina, koma anthu amaichulabe ndi dzina lake.

Kunena zoona, ndikanakhala mlangizi wake ndikanamuuza kuti asungire ana ndalamazo. Ndinanena zimenezi mokweza. Mwana wanga anati, "Amai akanakutsutsani." Ndipo ndi zoona, pakuti malemuwo anali kubzala maluwa m'mphepete mwa mizere ya repu, ine ndikung'ung'udza kuti akutha madzi.

Tinakhala pa benchi pansi pa mtengo wina. Iye anapisa m'cikwama naturutsa korona ya amai ake, ya mikanda yakuda, yomangidwa ndi waya pamene inadukira kale. Ndinali kuganiza kuti inapita nao m'bokosi.

"Yambani ndinu, Atate."

Ndinalephera. Mau anakana kuturuka. Iye anayembekeza pang'ono, kenaka anayamba yekha Tikuoneni Maria m'cinenero cathu, anthu akudutsa osamva kanthu. Cigawo coyamba anatha yekha, kuyamba ndi kudziyankha. Pa caciwiri ndinayankha ndine.

Pobwerera mphepo inauka, maluwa nayamba kugwa ngati mankhusu popeta mapira, mpaka madengu a njinga zathu anayera. Mawondo anandiwawa masiku awiri.

Ndinafika kunyumba Pasaka itapita, mvula itakata. Mpanda wa dimba mbuzi zinali zitaugwetsa mbali ya kumtsinje, ndipo ndinayambira pamenepo. Ndabzalamo mango anai ndi magwafa awiri. Maluwa a malemuwo anamera okha pamzere wao wakale, ndipo polimira ndimawalambalala.