Pomwe Python imatopera

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo masiku ambiri ndimalemba mu Python, chiyankhulo chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991. Ndimachikonda kwambiri, koma ndikudziwanso pomwe chimatopera.

Amene anakhalapo pa msonkhano wa tchalitchi wokhala ndi womasulira akudziwa mmene zimayendera. Mlaliki ayankhula, aima, womasulira atembenuza. Mlaliki akabwereza mawu omwewo kakhumi, womasulira nayenso awatembenuza kakhumi. CPython, imene ambirife timayendetsera Python, imagwira ntchito chomwecho. Zimene ndalemba imazisandutsa bytecode, kenaka n'kumatenga lamulo limodzilimodzi. Ikafika pa a + b imayamba yafufuza kaye: kodi a ndi nambala kapena mawu? Loop ikazungulira kamiliyoni, funsolo limabweranso kamiliyoni. Kuwonjezera apo, kanambala kamodzi kamadya mabayiti 28 pa kompyuta ya 64-bit, pamene int ya C imadya 4 okha.

C, imene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs cha mu 1972, imadutsa mu compiler kamodzi kokha. Mafunso onsewo amayankhidwa pulogalamu isanayambe kuyenda, purosesa n'kumangothamanga.

N'chifukwa chake tsiku lina, pulogalamu yanga yowerengera mvula ya zaka zambiri itayamba kukwawa, mtima unandiuza kuti ndiilembenso yonse mu C. Ntchito imeneyo ikanandidyera masabata. Ndinaugwira mtima, ndinayamba ndaiyeza pulogalamuyo ndi cProfile kuti ndione pomwe nthawi inkathera. Zimene ndinaona zinandiphunzitsa ntchito: pafupifupi nthawi yonse inkathera m'kaloop kamodzi kophatikiza manambala. Kwinako pulogalamu inkangodikira mafayilo kuchokera pa disiki, ndipo kudikira kumeneko C sikanakuchepetsa kwenikweni.

Kaloopko ndinakachotsa n'kuikapo NumPy. NumPy imaika manambala a mtundu umodzi mondondozana mu memory, n'kuwapereka onse pamodzi ku code ya C imene inadutsa kale mu compiler. Python imangolamula kamodzi, katundu wolemera n'kunyamulidwa ndi C.

Pali njira inanso, ya JIT, imene PyPy ndi V8 ya mu Chrome zimagwiritsa ntchito: zimaona mbali imene ikubwerezedwa kwambiri n'kuisandutsa machine code pulogalamu ili mkati moyenda. Ine sindinafikeko. Ndinasintha mizere yochepa chabe, ndipo ntchito imene ndinkaisiya ikuyenda popita kukadya nsima inatha ndisanadzuke pampando.